Sukulu ya mwana mukasamukira kunja: njira zisanu ndi mtengo wake weniweni

Kalata ikabwera yoti bambo kapena mayi akagwire ntchito kudziko lina, za nyumba ndi za viza zimatheka msanga. Chimene chimasowetsa makolo tulo ndi sukulu ya ana. Ambiri amayamba n'kufunsa anzawo kuti sukulu yabwino koposa mumzindamo ndi iti, kenako n'kupita kukaona makalasi, bwalo lamasewera ndi dziwe losambiramo. Ine ndimaona kuti kumeneko n'kuyambira kumchira. Ntchito ya kunja kawirikawiri imakhala ya zaka zowerengeka, ndipo tsiku lina banjalo lidzamanganso katundu. Funso loyamba likhale lakuti: mwanayu akadzachoka pasukulu imeneyi adzalowera kuti, ndipo kumeneko adzamulandira ndi mapepala amene adzatenge pano? Mukayankha limeneli moona mtima, theka la sukulu zimene munazilemba papepala zimadzichotsa zokha.

Zoyenera kuyeza musanalipire kalikonse

Choyamba ndi msinkhu wa mwana. Mwana wa zaka 6 mutha kumusamutsa kuchoka pasilabasi ina kupita pa ina, ndipo pakatha miyezi ingapo amakhala atakhazikika. Wa zaka 15 kapena 16 ndi nkhani ina. Maphunziro a kumapeto kwa sekondale ambiri amamangidwa m'mitolo ya zaka ziwiri, mayeso n'kubwera kumapeto kwa mtolowo. Kumuchotsa mwana pakati pa mtolo nthawi zambiri kumatanthauza kubwereza chaka. Choncho tengani kontirakiti yanu ya ntchito, muiike pambali pa zaka za mwana, muone kuti ikadzatha iye adzakhala ali m'kalasi iti.

Chachiwiri ndi kuvomerezeka kwa sukuluyo. M'mayiko ambiri palibe lamulo loletsa munthu kulemba mawu akuti International pachipata cha sukulu yake, ndiye dzina lokha silikuuzani kanthu. Pali zinthu ziwiri zosiyana zimene makolo amasokoneza. China ndi chilolezo chophunzitsa silabasi ndi kulembetsa mayeso, chimene chimachokera ku mabungwe monga International Baccalaureate (IB), Cambridge kapena Pearson Edexcel. Chinacho ndi kuyenderedwa kwa sukulu yonse, kuyambira utsogoleri, kasamalidwe ka ndalama mpaka chitetezo cha ana, kumene amachita mabungwe monga Council of International Schools, NEASC, WASC ndi Middle States Association. Sukulu itha kukhala membala chabe wa bungwe lotere koma isanayenderedwe n'kuvomerezedwa, ndipo itha kukhala kuti yangopempha kumene chilolezo cha IB. Zonsezi zimaoneka mofanana pakapepala kotsatsira malonda. Musadalire chizindikiro chimene chili pakapepalako. Lowani patsamba la intaneti la bungwe lenilenilo mufufuze dzina la sukuluyo. Mizinda ina imakuthandizaninso: ku Dubai, bungwe la boma la KHDA limaika poyera malipoti a zimene linapeza poyendera sukulu zomwe si zaboma.

Chachitatu ndi chilankhulo, ndipo pano ndi pamene makolo ambiri amanyengeka. Katswiri wa za zilankhulo Jim Cummins anaonetsa kuti mwana amatha kucheza bwino m'chilankhulo chatsopano pakatha zaka ngati ziwiri, koma kuti afike poyerekeza ndi anzake pa chilankhulo cha m'mabuku zimatenga zaka 5 mpaka 7. Mwana amene akulankhula Chingelezi mothamanga pabwalo lamasewera atha kukhala akumira m'kalasi ya mbiri yakale popanda wina kuzindikira. Funsani kuti sukuluyo imathandiza bwanji ana ofika kumene, thandizolo limatha pakapita nthawi yotani, ndiponso ngati amalipiritsa padera. Funsaninso za chilankhulo cha kwanu. Mwana akataya chilankhulo cha agogo ake amataya zambiri kuposa mawu, ndipo tsiku lobwerera kwawo amakakhala mlendo pakati pa abale ake.

Chachinayi ndi aphunzitsi. Sukulu zambiri zoterezi zimalemba aphunzitsi ochokera kunja pa kontirakiti ya zaka ziwiri, motero kusinthasintha kulipo paliponse. Chofunika n'kudziwa kuchuluka kwake. Funsani mphunzitsi wamkulu kuti ndi aphunzitsi angati amene anachoka chaka chatha, ndiponso kuti iye mwini wakhalapo zaka zingati. Sukulu imene yasintha aphunzitsi aakulu atatu m'zaka zisanu ili ndi vuto limene penti yatsopano singabise.

Chachisanu ndi chitetezo cha ana. Mphunzitsi woipa amene wachotsedwa ntchito m'dziko lina atha kukapezeka akuphunzitsa m'dziko linanso, chifukwa mbiri za apolisi sizidutsa malire zokha. Vuto limeneli ndi limene linachititsa kuti mu 2014 mabungwe a sukulu zoterezi akhazikitse gulu la International Task Force on Child Protection. Pemphani kuona ndondomeko yolembedwa. Funsani dzina la munthu amene mwana angakamuuze akachitidwa choipa, ndiponso ngati amafufuza mbiri ya wogwira ntchito aliyense m'mayiko onse amene anakhalamo, kuphatikizapo oyendetsa basi ndi ophunzitsa masewera. Sukulu yabwino siichedwa kuyankha funso limeneli.

Kenako pali mwini wake. Sukulu zina ndi za makolo kapena za bungwe losafuna phindu, zina ndi za makampani aakulu okhala ndi sukulu m'mayiko ambiri monga Nord Anglia, Cognita ndi GEMS, zinanso ndi za munthu mmodzi. Palibe mtundu umene uli wabwino mwa iwo wokha, koma muyenera kudziwa amene amagamula zokweza fizi ndi kumene mungakadandaule.

Pokaona sukuluyo, pemphani kupita tsiku wamba, osati tsiku limene akonzera alendo. Paja chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pemphani kope la mwana wa msinkhu wa mwana wanu mulitsegule pakati. Onani deti la ntchito imene mphunzitsi anachonga komaliza, ndipo muwerenge zimene analemba m'mphepete: kodi ndi kachizindikiro chabe, kapena anamuuza mwanayo pamene walakwitsa ndi mmene angakonzere? Nthawi yopuma imani pakhonde mumvetsere. Ana akulankhulana m'chilankhulo chanji? Ngati ana asanu ndi anayi mwa khumi aliwonse ali a m'dziko lomwelo ndipo amacheza m'chilankhulo chawo, sukuluyo itha kukhala yabwino ndithu, koma mwana wanu adzadya yekha kwa miyezi ingapo, ndipo ndi bwino kudziwiratu.

Sukulu za IB

Bungwe la International Baccalaureate linakhazikitsidwa ku Geneva mu 1968, makamaka pofuna kuti ana a anthu oyendayenda akhale ndi satifiketi imodzi imene mayunivesite a mayiko osiyanasiyana angailandire. Lili ndi maphunziro a ana aang'ono, a zaka zapakati, ndi dipuloma ya zaka 16 mpaka 19. Pa dipulomayi mwana amatenga maphunziro 6, atatu mozama ndipo atatu mwapakatikati, lililonse lokhala ndi mapointi kuyambira 1 mpaka 7. Amalembanso chimangirizo cha kafukufuku cha mawu osaposa 4,000, amaphunzira za mmene anthu amadziwira zinthu, ndipo amagwira ntchito zothandiza anthu. Mapointi onse amathera pa 45, kuphatikizapo atatu a chimangirizo chija ndi phunziro la mmene anthu amadziwira zinthu, ndipo kuti munthu apate dipuloma amafunika osachepera 24.

Mtengo: m'mizinda yambiri sukulu zimenezi zimakhala m'gulu la zodula kwambiri. Sukulu imalipira ndalama ku IB chaka ndi chaka, imatumiza aphunzitsi ku maphunziro apadera, ndipo makalasi a zaka ziwiri zomaliza amakhala a ana ochepa. Ndalama za mayeso nthawi zambiri zimabwera pa bilu yapadera.

Kupezeka: sukulu za IB zilipo zoposa 5,000 m'mayiko oposa 150, koma zambiri zimaphunzitsa gawo limodzi lokha. Si zachilendo kupeza sukulu imene imalembetsa mayeso a ku Britain a IGCSE pa zaka 16 kenako n'kulowa dipuloma ya IB. Kunja kwa mizinda ikuluikulu mutha kupeza imodzi yokha kapena osapeza n'komwe.

Kusamalira: dipuloma imadya nthawi ya banja lonse. Kupatula mayeso, phunziro lililonse lili ndi ntchito yake yolembera pasukulu, ndipo masiku operekera ntchitozi amaunjikana m'chaka chachiwiri. Mwana wosadziwa kugawa nthawi amafunika kholo lomuyang'anira pafupi. Ubwino wake umodzi umene ndimauyamikira ndi wakuti pali mwayi woti mwana alembe mayeso a zolembalemba m'chilankhulo cha kwawo, ngakhale pasukulupo palibe mphunzitsi wake, bola sukuluyo ivomere kumuyang'anira ndipo inu mupeze womuthandiza.

Zoopsa: mwana sangathawe masamu, sayansi kapena chilankhulo chachiwiri. Wanzeru kwambiri pa zinthu ziwiri koma wofooka pa zina amaona mapointi ake akutsika chifukwa cha phunziro limene sadzalifunanso. Kusamuka pakati pa dipuloma n'kovuta kuposa mmene anthu amaganizira. Taganizirani mtsikana amene watha chaka choyamba akuphunzira za chuma mozama ndi Chisipanishi. Banja lasamuka, ndipo sukulu yatsopano, ya IB yomweyo, ilibe mphunzitsi wa za chuma, imaphunzitsa Chifalansa, ndipo m'kalasi ya zolembalemba akuwerenga mabuku ena. Dzina la dipuloma ndi limodzi, koma mtsikanayo ayambiranso. M'magawo a ana aang'ono, IB imapereka njira yophunzitsira osati mndandanda wa mitu, motero sukulu ziwiri zitha kusiyana kwambiri pa zimene mwana wa zaka 10 akudziwa pa masamu. Dziwaninso kuti mayiko ena, monga Germany, amaika malamulo pa maphunziro amene mwana ayenera kusankha kuti dipulomayo imutsegulire yunivesite. Zimenezi muzifufuze mwana asanasankhe maphunziro, osati atalemba kale mayeso.

Sukulu zotsata silabasi ya ku Britain

Pano mwana amalemba IGCSE ali ndi zaka 16, kenako A Level ali ndi zaka 18. Mayeso amachokera ku Cambridge, Pearson Edexcel kapena OxfordAQA. Pa IGCSE amatenga maphunziro ambiri, koma pa A Level amatsala ndi atatu kapena anayi okha.

Mtengo: apa pali kusiyana kwakukulu kuposa pa njira ina iliyonse. Pali nthambi za sukulu zotchuka za ku England zimene fizi yake imalingana ndi ya IB kapena kuposa, ndipo pali sukulu zing'onozing'ono zimene banja wamba lingakwanitse. Mayeso amalipiridwa phunziro lililonse palokha, ndiye mwana wolemba maphunziro 9 amabweretsa bilu yooneka. Werengani bwino za kutsanzika: sukulu zambiri za mtundu umenewu zimafuna kuti muziuze teremu yathunthu musanachotse mwana, apo ayi mumalipira teremu imene mwanayo sanaphunzire. Kwa munthu amene abwana atha kumusamutsa pomudziwitsa mwezi umodzi, mzere umenewu ndi wofunika kuposa ina yonse m'kontirakitimo.

Kupezeka: iyi ndiyo njira yofala kwambiri. Cambridge yokha imagwira ntchito ndi sukulu zoposa 10,000 m'mayiko 160. Ngati simukudziwa kumene ntchito idzakutumizeni ulendo wotsatira, mwayi wokapezako sukulu yolembetsa IGCSE ndi waukulu.

Kusamalira: silabasi ndi yolembedwa momveka, mabuku ake amagulitsidwa paliponse, ndipo mapepala a mayeso akale amapezeka mosavuta. Kholo litha kuona lokha pamene mwana watsalira, ndipo mphunzitsi wapadera savuta kupeza.

Zoopsa: mwana wa zaka 16 amatseka makomo ambiri tsiku limodzi. Akasiya Chemistry, m'mayunivesite ambiri za udokotala zatha. Akasiya masamu, za uinjiniya zatha. Si ana onse amene amadziwa pa msinkhu umenewo chimene akufuna. Chachiwiri, popeza chilolezo cholembetsa mayeso si umboni woti sukulu yonse ndi yabwino, m'gulu limeneli muli sukulu zapamwamba ndi zina zongophunzitsa kuloweza mayankho. Onani ngati inayenderedwa pansi pa ndondomeko ya boma la Britain ya British Schools Overseas kapena ndi bungwe la COBIS. Mukamasamuka, funsani kuti sukulu yatsopano ikulembetsa mayeso a bungwe liti. Masamu a Cambridge ndi a Edexcel sagawidwa mofanana, ndipo zimene mwana anakhoza m'chaka choyamba ku bungwe lina nthawi zambiri sizisamukira ku linzake. Samalaninso ndi mayina a makalasi: Year 13 ya ku England ndi yofanana ndi Grade 12 ya ku America, choncho nambala ikasintha si kuti mwana wakwezedwa kapena watsitsidwa.

Sukulu zotsata dongosolo la ku America

Kuno kulibe mayeso amodzi aakulu ogamula zonse. Mwana amasonkhanitsa magiredi ake kwa zaka zinayi zomaliza, kuyambira Grade 9 mpaka 12, ndipo sukulu yeniyeniyo ndi imene imapereka dipuloma. Ofuna kuonetsa mphamvu zawo amawonjezera maphunziro a AP a bungwe la College Board, amene mayeso ake amalembedwa mu Meyi ndipo amachongedwa kuyambira 1 mpaka 5.

Mtengo: sukulu zakale zimene zinayambira pa ana a akazembe zimakhala zodula, ndipo zambiri zimalipiritsa ndalama yaikulu ya zomangamanga mwana akamalowa, imene siibwezedwa. Banja lokhala zaka ziwiri zokha limalipira ndalama imeneyi mofanana ndi lokhala zaka khumi.

Kupezeka: m'malikulu a mayiko ambiri muli imodzi. Malo amayamba kupatsidwa kwa ana a ogwira ntchito ku ofesi ya kazembe kapena kwa makampani amene anagula malo, ndipo ena onse amadikira pamndandanda.

Kusamalira: popeza ntchito iliyonse ya m'kalasi imawerengedwa, mwana amayenera kulimbikira mlungu ndi mlungu. Masewera, nyimbo ndi maulendo opita ku mipikisano kumayiko oyandikana ndi mbali yaikulu ya moyo wa pasukulu, ndipo matikiti a ndege amalipira ndi makolo.

Zoopsa: dipulomayi imalemera molingana ndi sukulu imene yaipereka. Ngati sukuluyo siinavomerezedwe ndi bungwe lodziwika, pepalalo silipita patali. Ngakhale yovomerezeka, mayunivesite ambiri a ku Ulaya salandira dipuloma yokha popanda mayeso angapo a AP kapena dipuloma ya IB pamwamba pake. Koma pa nkhani yosamuka pakati pa sekondale, njira imeneyi ndiyo yachifundo koposa. Phunziro lililonse limatha chaka chomwecho, ndipo magiredi amayenda ndi mwana kupita kusukulu ina.

Sukulu za dziko limodzi zimene zili kunja

Mayiko ena amatsatira ana awo kulikonse kumene apita. France ili ndi bungwe la AEFE, lokhazikitsidwa mu 1990, loyang'anira sukulu zoposa 500 m'mayiko oposa 130. Germany ili ndi sukulu zoposa 130 kunja kwa dzikolo. Japan ilinso ndi zake, ndipo m'mayiko a ku Gulf muli sukulu zambiri zotsata silabasi ya CBSE ya ku India.

Mtengo: kawirikawiri ndi wotsikirapo poyerekeza ndi sukulu za IB ndi za ku America za mumzinda womwewo, mwa zina chifukwa boma la kwawo limathandizapo. Ana amene ndi nzika za France atha kupempha thandizo la fizi kudzera ku ofesi ya kazembe wawo.

Kupezeka: za Chifalansa zafalikira kwambiri, ndipo mwana wochoka pa ina mwa sukulu zovomerezekazi amalandiridwa pa inzake kapena ku France komweko popanda mayeso olowera, bola malo alipo. Nzika zimayamba kupatsidwa malo.

Kusamalira: ngati kunyumba palibe wolankhula chilankhulocho, homuweki imasanduka mtolo wa mwana yekha, ndipo pamsonkhano wa makolo mumangogwedeza mutu.

Zoopsa: kulowa mochedwa n'kovuta. Mwana wa zaka 4 amatola Chifalansa kapena Chijeremani mosavuta, koma wa zaka 12 wosadziwa liwu ndi limodzi lomwe sukulu zambiri sizimulandira. Kutulukanso kuli ndi zake, chifukwa mwana amene waphunzira masamu onse m'chilankhulo china amafunika nthawi kuti azolowere mayina atsopano a zinthu zimene akuzidziwa kale.

Sukulu wamba za m'dziko limene mwafikamo

Makolo ambiri saiganizira n'komwe njira imeneyi, ndipo ndikuona kuti nthawi zina amataya mwayi waukulu.

Mtengo: sukulu zaboma m'mayiko ambiri ndi zaulere kapena zotsika mtengo kwa aliyense wokhala m'dzikomo movomerezeka. Ku Netherlands kuli ngakhale sukulu zophunzitsa m'Chingelezi zimene boma limathandiza, zokonzedwera ana a anthu okhalako kwa kanthawi.

Kupezeka: zimadalira malamulo a dzikolo. Ku France mwana aliyense wokhala m'dzikomo ayenera kuphunzira kuyambira zaka 3, kaya ndi nzika kaya ayi, ndipo kuli makalasi olandirira ana osadziwa Chifalansa. Ku Singapore mwana wachilendo amayenera kulemba mayeso olowera otchedwa AEIS, ndipo ngakhale akhoze, malo si otsimikizika. M'mayiko a ku Gulf sukulu zaboma zimaphunzitsa m'Chiarabu ndipo kwenikweni ndi za nzika.

Kusamalira: chaka choyamba n'chowawa. Mwana amabwera kunyumba atatopa ndi kumvetsera zinthu zimene sakuzimva, ndipo amafunika mphunzitsi wa chilankhulo madzulo. Muyeneranso kumuphunzitsa nokha kuwerenga ndi kulemba chilankhulo chimene adzachifune mukadzachoka.

Zoopsa: kalendala. Sukulu zambiri za kumpoto kwa dziko lapansi zimayamba mu Ogasiti kapena Seputembala, za ku Australia ndi South Africa zimayamba kumayambiriro kwa chaka, ndipo za ku Japan mu Epulo. Kusamuka pakati pa makalendala amenewa kumatanthauza kubwereza miyezi ingapo kapena kuidumpha. Koma phindu lake n'lalikulu: anzake a mwana amakhala a m'dera lomwelo, osachoka chaka chilichonse, ndipo amatuluka ndi chilankhulo chimene adzakhala nacho moyo wake wonse.

Njira ziwiri za pamene zavuta

Kumene kulibe sukulu yoyenera, ena amaphunzitsa mwana pa intaneti. N'zotsika mtengo ndipo zimayenda nanu kulikonse, koma zimafuna kholo lokhala pakhomo, ndipo m'mayiko ena, monga Germany, lamulo sililola kuphunzitsira mwana kunyumba. IGCSE ndi A Level mwana atha kulemba payekha kudzera ku British Council kapena pasukulu imene yavomera, ngakhale mayeso a sayansi ofuna labotale amavuta kukonza. Ena amatumiza mwana kusukulu yogonera komweko. Zimenezi zimamupatsa zaka ziwiri zosasokonezeka, koma pa fizi muwonjezerepo matikiti a tchuthi ndi munthu womuyang'anira sukulu ikatsekera pakati pa teremu. Ku United Kingdom fizi ya sukulu zomwe si zaboma inayamba kulipiritsidwa msonkho wa VAT wa 20 peresenti kuyambira Januwale 2025.

Njira iti kwa banja liti

Musanagamule, pemphani sukulu iliyonse ikulembereni bilu yonse ya chaka choyamba ndi ya chaka chachiwiri: ndalama yofunsira malo, yolembetsera, dipoziti, ya zomangamanga, basi, chakudya, yunifolomu, kompyuta, maulendo ndi mayeso. Funsani kuti fizi yakwera motani m'zaka zitatu zapitazi, ndiponso kuti imalipiridwa m'ndalama ya dziko liti. Ngati malipiro anu amabwera m'ndalama ina ndipo fizi ili m'madola, ndalama yanuyo ikagwa fizi imakwera popanda sukulu kusintha kalikonse. Ngati akulipira ndi abwana, funsani ngati pali malire, ngati akulipirira ana onse, ndiponso chimene chidzachitike ntchito ikatha pakati pa chaka.

Banja lokhala zaka ziwiri kapena zitatu kenako n'kubwerera kwawo lisankhe sukulu imene silabasi yake ili pafupi kwambiri ndi ya kwawoko, ngakhale nyumba zake zikhale zosaoneka bwino. Kwa Afalansa, Ajeremani ndi Amwenye yankho lili poyera. Kwa ena, lembani kalata kusukulu imene mwana adzabwerereko mufunse chimene adzafune.

Banja losamuka zaka zingapo zilizonse osadziwa kolowera, monga la kazembe kapena la wogwira ntchito m'mabungwe a mayiko ambiri, lisankhe njira imodzi n'kuigwiritsa. Ana akadali ku pulayimale, IB kapena silabasi ya ku Britain zonse zimayenda. Ngati mukuona kuti mudzasamuka mwana ali pakati pa zaka 14 ndi 18 ndipo tsiku lake simungalisinthe, dongosolo la ku America ndi limene limamupweteka pang'ono.

Banja limene likukhazikika, kapena lokhala zaka zoposa zisanu ndi ana osafika zaka 8, liganizire mofatsa za sukulu wamba ya m'dzikomo, ndipo ndalama zimene zapulumukazo lisungire zaka za sekondale ndi yunivesite.

Mwana amene akudziwa kale chimene akufuna, wamphamvu pa maphunziro awiri kapena atatu, A Level imamuyenera. Amene amakhoza zonse mofanana ndipo sanagamule dziko limene akaphunzire, dipuloma ya IB imamusiyira makomo ambiri otsegula.

Mwana wofuna thandizo lapadera, kaya pa kuwerenga, kumva kapena kukhazikika m'kalasi, kwa iye silabasi imabwera pambuyo. Sukulu zomwe si zaboma zambiri zili ndi ufulu womukana, ndipo zina zimalandira mwanayo koma n'kukuuzani kuti mulipire nokha womuthandiza m'kalasi. Onetsani malipoti onse a madokotala ndi aphunzitsi kuyambira pachiyambi, mukumane ndi mphunzitsi amene adzakhale naye tsiku ndi tsiku, ndipo zimene alonjeza azilembe. Ngati m'dzikomo mulibe sukulu yotero, imeneyo ndi nkhani yokambirana ndi abwana musanasaine kontirakiti.

Mwana amene wayamba kale chaka choyamba cha IGCSE, A Level kapena dipuloma ya IB musamusamutse ngati pali njira ina iliyonse. Pemphani kuti tsiku loyamba ntchito lisunthidwe, kapena kholo limodzi litsale naye mpaka alembe, kapena agonere pasukulupo ngati pali malo. Zikakanika zonsezi, tumizani kusukulu yatsopano mndandanda wa maphunziro ake, dzina la bungwe la mayeso ndi mitu imene wamaliza, ndipo musalipire dipoziti mpaka atakuyankhani molemba kuti phunziro lililonse alipitiriza pamene analekezera.